Mchira wa Pemphero

Dympna Toner anayamba kutsokomola mu Febuluwale, ndipo sichinali chimfine.

Chifuwacho chinkamugwira pamalo amodzi okha: amayi ake akamapemphera Atate Athu n'kufika pa mawu akuti "mutipulumutse ife ku zoipa." Pamenepo Mkatolika aliyense wa pachilumba cha Innismoy amatseka ndi Amen. Apulotesitanti ndiwo amapitirira ndi za ufumu, mphamvu ndi ulemerero, ndipo kachigawo kowonjezerako anthu amakatcha mchira. Ana amatukwanirana za mchirawo pochokera kusukulu, awa mbali ino ya msewu, awo mbali inayo. "A mchira inu!" Enawo amabweza kuti, "Oduka mchira!" Akuluakulu satukwanana. Amangoyang'ana milomo ya munthu.

Tsono mayi Bernadette Toner, amene anakolopa tchalitchi cha Kilbrack mpaka mawondo kuuma ngati chikopa, amene ankachapa nsalu za paguwa ndi kukalipira ana olowa osagwada, anali atayamba kumera mchira.

Mutu wawo unkataya zinthu pang'onopang'ono. Poyamba makiyi, kenako mayina a misewu, kenako dzina la Dympna yemwe. Zimene zinali pansi pa zonsezi Dympna sankazidziwa. M'mawa wina akuwapesa tsitsi, amayiwo anamuyang'ana pagalasi monga mmene munthu amayang'anira namwino watsopano.

"Ine ndine Hester Gilmour," anatero mwaulemu. "Kwathu ndi ku Port Dunlop. Bambo anga ndi mkulu wa mpingo. Chonde chotsani mikanda ili pabediyi asanabwere, akwiya."

Mikandayo inali kolona yawo, yoperepeseka ndi zala zawo zomwe. Ndipo Port Dunlop ndi tauni ya a mchira okhaokha.

Dympna anakula akudziwa kuti amayi ake analeredwa ndi asisitere kutsidya kwa nyanja, m'nyumba ya ana amasiye imene inapsa pamodzi ndi mapepala ake onse. Nkhaniyo inali yabwino. Inalibe achibale, inalibe zithunzi, ndipo wofunsa zambiri ankaoneka wouma mtima. Anamaliza kupesa tsitsilo, anaika kolona m'kabati, n'kukaima pasinki kukhitchini. Sanalire. Anaganiza za manda.

Ku Kilbrack masukulu ndi awiri, ophika buledi ndi awiri, koma manda ndi amodzi, chifukwa kwina konse ndi mwala ndipo dothi lokwana kukwirira munthu lili pamalo amodzi basi. Pakati pake pali khoma, ndipo khomalo linatsikanso pansi pa nthaka, kuya kuposa maenje, kuti mafupa asamayenderane. Pangano la Mtendere, limene linathetsa Zaka za Moto, nkhondo ya mipingo iwiriyi, limati munthu ndi wa madzi ake oyamba. Amene anakubatiza uli khanda ndiwo eni ako. Umavotera kwawo, ndipo amakukwirira ndi iwowo. Kutembenuka ndi nkhani ya iwe ndi Mulungu wako, boma siyikulikhudza.

Bambo ake a Dympna, a Malachy, anagona mbali ya Akatolika, kutsinde kwenikweni kwa khoma, malo amthunzi ndi achinyezi amene aliyense ankawakana. Anawasankha okha akadali amphamvu, anthu n'kumawaseka. Dzenje lake linakumbidwa lakuya, la anthu awiri. Ndipo amayi ake, kaya adzuka ali Bernadette kaya adzuka ali Hester, pempho lawo linali limodzi: "Malachy ali kuti? Mukandigoneke kumene kuli Malachy."

Wapampando wa komiti ya manda mbali ya Akatolika anali Concepta Devenney, mlongo wake wa Malachy, azakhali ake a Dympna. Mwamuna wawo Fintan anawomberedwa padoko m'Zaka za Moto akutsitsa mabokosi a nsomba, ndipo kuyambira pamenepo Concepta ankavala zakuda ndi kusunga malamulo. Chaka china anaimitsa maliro pachipata, bokosi lili pamapewa, chifukwa wina anakumbukira kumene malemuyo anabatizidwira. Bokosilo linazungulira khoma mvula ikugwa.

Pa Tsiku la Ufulu dziko lonse limapemphera Atate Athu pamodzi pabwalo la padoko. Akatolika akafika pa "zoipa" amaweramitsa mitu n'kukhala chete kudikira anzawo amalize mchira, kenako onse amati Amen limodzi. Mtendere wonse wa Innismoy unakhala pa kachete kameneka. Concepta sanadikirepo. Amen wake ankagwa pomwepo ngati chitseko chomenyetsedwa, kenako ankakhala pansi n'kutsegula chikwama kufuna maswiti, a mchira akadali pa ulemerero.

Choncho Dympna anaphunzira kutsokomola. Alendo akabwera kudzaona wodwala n'kuyambitsa pemphero, ankadikira mawu ajawo n'kuwaphimba ndi chifuwa, pena ndi Amen wofuula, pena ndi mpando wokokedwa. Kenako anayamba kuuza anthu kuti amayi akugona. Ambiri anasiya kubwera, ndipo ena mwa iwo anapepukidwa.

Lachinayi lina m'mawa lamya inalira.

"Dokotala wandiuza," anatero Concepta. "Akuti masiku atsala ochepa. Tikubwera masana, ine, Philomena ndi Bambo Lorcan. Adzozedwe mafuta, tichite kolona."

"Azakhali, lero atopa kwambiri. Mwina mawa kapena..."

"Munthu akamamwalira amatopa, Dympna. Ukufuna tidikire apume kaye? Tenthetsa madzi."

Dympna anatseka makatani, anakoleza moto wambiri kuti chipinda chifunde, n'kuwapatsa amayi ake mkaka wotentha. Ankayembekeza tulo. Amayiwo anamwa mkaka wonse n'kukhala tsonga, maso ali gwa, kuposa masiku onse a sabata imeneyo. Anatulutsa kolona m'kabati n'kuwakolowekera m'zala. Anaiyang'ana ngati nyongolotsi, koma sanaitaye.

Woyamba kulowa anali Philomena Quigg wa nyumba yoyandikana nayo, atanyamula buledi wa soda m'kansalu ndiponso nkhani za msewu wonse.

"Mwana iwe waonda! Ukudya? Ukadali wekha? Bweretsa aliyense, Dympna, ngakhale wa mchira. Tidzamudula tokha, lumo ndili nalo."

"Philomena, muno muli wodwala," anatero Concepta kumbuyo kwake, akukutumula ambulera.

"Wodwalayo ndiye akufuna chidzukulu kuposa tonse. Lowani Bambo, pukutani nsapato, Bernadette amaona matope ngakhale ali mtulo."

Bambo Lorcan anali wansembe wamng'ono, wobadwa Zaka za Moto zitatha, ndipo pamaso pa Concepta ankayenda ngati mwana amene sanamalize ntchito ya kusukulu. Anapukuta nsapato nthawi yaitali.

Kuchipinda Concepta anawerama n'kugwira chipumi cha wodwala. "Alamu, mwaswera bwanji? Tabwera."

Mayi Toner anamuyang'ana, kenako anayang'ana kolala ya wansembe. "Mnyamatayu ndi ndani?"

"Ndi Bambo Lorcan, mayi," anatero Dympna.

"Bambo wa ndani?"

Philomena anaseka mpaka kugwira khoma. "Mayo ine, Bernadette! Bambo, musakhumudwe. Amayi anga pomwalira ankayesa bishopu ndi wogulitsa mkaka, mpaka anamufunsa za mabotolo."

Dympna nayenso anaseka, mochedwa pang'ono. Concepta sanaseke. Anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi Dympna, pafupi kwambiri moti Dympna ankamva fungo la chikhoti chawo chonyowa.

Za mafuta zinayenda bwino. Wodwala anapereka chipumi ndi zikhatho monga mmene amaperekera mkono kwa dokotala. Kenako Concepta anatulutsa kolona yake yakuda, ndipo onse anagwada kupatula iye yekha, chifukwa chiuno.

Pa Atate Athu woyamba, mawu a mayi Toner analowa mwa anzawo bwinobwino, ofooka koma osaphonya. Dympna anamvetsera, anakoka mpweya, ndipo pa "zoipa" anatsokomola kuchokera pansi pa mimba. Anapitiriza mpaka milomo ya amayi ake itatseka.

"Chifuwa cha nkhosa chimenecho," ananong'oneza Philomena. "Uchi ndi kachasu pang'ono, ndikupatsa."

A Tikuoneni Maria anadutsa mwamtendere. Pamenepo wodwala ankangokhala chete, akuyang'ana kudenga, ndipo palibe amene amadabwa wodwala akakhala chete. Dympna ankatsatira mikanda m'zala za azakhali ake ikuyandikira mkanda waukulu wa Atate Athu. Pa Atate Athu wachiwiri anagunda tebulo la pambali pa bedi ndi chigongono. Kapu inagwa, supuni inalira pansi, madzi anathira nsapato zopukutidwa bwino za Bambo Lorcan. Anapepesa mokweza, anatola zonse mokweza. Pamene ankagwadanso, mchira unali utadutsa.



Chigawo chotsatira chinatha msanga kuposa mmene Dympna ankafunira. Atangoyamba "Atate athu muli m'mwamba," dzanja la Concepta linatsika n'kumugwira pamkono. Linali louma, lozizira, lolimba kuposa mmene linkaonekera.

"Ukatsokomolanso ndikutulutsa," anatero osamuyang'ana. "Khala phee."

Dympna anaona kuti angathe kukoka mkonowo. Angathe kufuula, kukomoka, kugwetsa nyale. Anaganiza zonsezi pamene pemphero linkadutsa pa chakudya chalero ndi pa kukhululuka, ndipo sanachite chilichonse. Anali atatopa kuyambira Febuluwale.

"...koma mutipulumutse ife ku zoipa."

Philomena ndi Bambo Lorcan anatsegula pakamwa kuti anene Amen, koma liwu lina linali litayamba kale. Silinali la nkhalamba. Linali la kamtsikana kophunzitsidwa bwino, kotchula mawu aliwonse mpaka kumapeto, m'kalankhulidwe kouma ka ku Port Dunlop kamene Dympna sanakamvepo m'nyumba muno ali mwana.

"Chifukwa wanu uli ufumu, ndi mphamvu, ndi ulemerero..."

Pakamwa pa Philomena panatsala chotsegula. Bambo Lorcan anayang'ana nsapato zake zonyowa. Dympna anayang'ana azakhali ake, chifukwa panalibenso kwina koyang'ana, ndipo anadikira chitseko chija chimenyetsedwe.

Concepta anali ataweramitsa mutu. Milomo yake inali yotseka, kolona ili chilendewere m'dzanja. Anakhala choncho, monga mmene Akatolika onse amakhalira padoko pa Tsiku la Ufulu, kupatula iye.

"...ku nthawi zonse," anamaliza mayi Toner, okhutira.

"Amen," anatero Concepta.

"Amen," anatero Bambo Lorcan msangamsanga, ndipo Philomena anatsatira mochedwa, ngati munthu wothamangira basi.

Concepta anasuntha chala kupita pa mkanda wina. "Tikuoneni Maria," anayambitsa, ndipo kolona inapitirira. Pa Atate Athu otsalawo anachita chimodzimodzi: anayi anawerama, mmodzi ananena mchira wake, onse anatseka limodzi. Pomaliza penipeni wodwala anali atagona, koma iwo anadikirabe pang'ono asananene Amen, poti zinali zitazolowereka.

Bambo Lorcan anakana tiyi. Anati ali ndi wodwala wina kumtunda, ndipo anatuluka ataiwala chipewa. Philomena anavala chikhoti pang'onopang'ono, maso akuwala, nkhani ikumuyabwa kale pakhosi.

"Concepta, koma zimene tamvazi..."

"Wamva chiyani?"

"Aa, si mwamva nokha? Mchira wathunthu, mpaka nsonga!"

"Ine ndamva wodwala akubwebweta. Amayi ako sankayesa bishopu wogulitsa mkaka? Tinawaika kwa ogulitsa mkaka?"

"Koma kalankhulidwe kaja..."

"Amamvera wailesi tsiku lonse, Lamulungu amaulutsa mapemphero a uko. Philomena, ndili ndi malo amodzi otsala kumtunda kouma, pafupi ndi mwamuna wako, ndipo akuwafuna anthu ambiri. Pita bwino. Zikomo chifukwa cha buledi."

Philomena anatseka pakamwa, anamanga mpango, n'kutuluka. Pazenera Dympna anamuona akudutsa nyumba ya a Quinn, kumene ankatula nkhani zonse, osagogoda, chinthu chimene sichinachitikepo.

Kukhitchini Concepta anakhala pampando wa Malachy n'kudikira tiyi. Dympna anathira, n'kudula buledi. Anakhalabe chiimire.

"Mumadziwa," anatero.

"Paka batala, usaumire."

"Kuyambira liti, azakhali?"

"Mkazi woleredwa ndi asisitere amene sanayanikepo chovala Lamulungu? Ngakhale thewera lako. Msewu wonse zingwe zodzaza, dzuwa lili phwee, chake chili mbee. Asisitere a kuti amenewo? Osunga Lamulungu choncho ndi a mchira. Ndipo ankayimba nyimbo zonse mpaka ndime yomaliza. Ife Akatolika timayimba ndime ziwiri n'kuyamba kufuna maambulera." Anamwa tiyi. "Malachy ankayesa ndine wopusa. Atagula malo aja a kukhoma ndinamufunsa, iwe, mafupa ako ukufuna achite chimfine? Anati amakonda mthunzi. Ndinakasuzumira mbali inayo. Kutsinde kwa khoma kulinso kopanda munthu, nawonso a mchira samakufuna. Ankawerengera kuti zikadzaululika, pakati pawo padzangokhala khoma basi."

Dympna anakhala pansi. Anali atapalira manda amenewo chaka ndi chaka, akudandaula ndere za pamwala, osaganizapo za kuseri.

"Bwanji simunanene?"

"Ndinkafuna kunena. Tsiku lomwe anawombera Fintan ndinalowa m'nyumba mwanga mawu ali pakamwa, ndinkati ndiwauze anyamata a pamsewu, ndipo iwe ukudziwa zimene anyamata ankachita masiku amenewo. Ndinapeza mayi akowa atapinda malaya, akusambitsa mtembo. Ena onse ankaopa kuyang'ana mutu wake. Ndinaima pakhomo n'kumayang'ana manja aja. Ndinkadziwa kuti ndi manja a ndani." Anaika kapu pansi. "Usandiyang'ane choncho. Sindinawakonde, ndipo sindinayambe lero. Koma Malachy ndi mlongo wanga, sagona yekha chifukwa cha kamchira."

"Nanga komiti?"

"Komiti ndi ine ndi amuna atatu ogona pamisonkhano. Bambo Lorcan sanamve kanthu, amuna a msinkhu wake samva. Adzalowa kwa Malachy, pachipata chathu." Anatola nyenyeswa patebulo ndi chala. "Koma pamwala padzalembedwa Bernadette Toner. Wamva? Palibe dzina lina, palibe chilembo china, palibe ndime ya m'Baibulo yokhala ndi manambala ngati ya uko."

"Dzina lawo ndi Hester."

"Sindinalimve."

"Azakhali, ndi dzina lokhalo limene akuvomera masiku ano."

"Ndiye uziwaitana m'chipindamo, chitseko chili chotseka. Wa dzina limenelo anamwalira kalekale ku Port Dunlop, amulire eni ake. Ine ndikuika m'manda mlamu wanga amene ankakolopa tchalitchi. Ukufuna dzina kapena ukufuna dzenje?"

Kunja mvula inali itayambiranso, yopyapyala, yochokera kunyanja. Dympna anayang'ana chingwe choyanikira zovala kuseri kwa nyumba. Anazindikira kuti nayenso sanayanikepo kanthu Lamulungu, ndipo sanadzifunsepo chifukwa chake.

"Dzenje," anatero.

"Wachita bwino."

Concepta anaimirira ndi chiuno chake chovuta, anavala chikhoti, anatenga ambulera ndi chipewa cha wansembe chija. Podutsa pachipinda anasuzumira. Wodwala anali atadzuka, kolona itagwera pansi.

"Alamu, ndapita. Ndibwera mawa."

"Zikomo, mayi," anatero mayi Toner, mwaulemu wa kwa mlendo. "Mukaona Malachy mumuuze kuti ndakonzeka."

"Akudziwa."

Anatola kolonayo, anaiyang'ana kanthawi, n'kuiika patebulo, patali pang'ono ndi bedi. Pakhomo anatsegula ambulera, anatembenuka n'kuyang'ana Dympna kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndipo chifuwa chakocho chithe lero. Wakhala ukutsokomola ngati munthu amene sanadwalepo. Ndinachita manyazi."